Kuwerenga zilembo za pa IC musanatume munthu ku Lilongwe

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, mawufa, ma inveta, ma TV ndi zida za sola zimalowa m'midzi ya Kasungu mwaunyinji. Ikagwa mvula yoyamba ndi mphenzi zake, zina mwa zinthu zomwezo zimabwerera pa boma zitamangidwa ndi malegeni pa keliyala ya njinga, eni ake akufunafuna wokonza. Kupeza kachipangizo kamene kapsa nthawi zambiri sikuvuta: kamakhala katang'ambika pamsana, katachita thuza, kapena mita yoyezera magetsi imakuuzani kuti miyendo yake yagwirana mkati. Povuta ndi pogula kena. Ma IC, tizipangizo takuda ta miyendo ingapo tokhala pa bolodi, ambiri sapezeka m'mashopu a pa boma pano, mumachita kutuma munthu ku Lilongwe kapena kukwera nokha, ndipo mukalakwitsa chilembo chimodzi chokha, thiransipoti yapita, masiku apita, mwinanso mwapha chipangizo cha mwini chimene chikanadzuka.

Maonekedwe a IC sakuuzani kanthu. LM358, LM393, LM386, 4558, NE555, 24C02 ndi UC3843 zonse ndi zakuda, za miyendo 8, zofanana msinkhu, koma ina ndi yokweza mawu, ina yosunga zinthu, ina yoyendetsa magetsi. Zimasiyana pa tizilembo ta pamsana paja basi.

Musanaike chala pa bolodi

Zulani pulagi, masulani batire ndi waya wa sola. Magetsi a ESCOM ndi 230V, koma akadutsa m'ma diode n'kulowa mu capacitor yaikulu ya pa power supply amafika pafupifupi 325V, ndipo m'ma TV ena akuluakulu amayandikira 400V. Capacitor imeneyo imasunga motowo ngakhale mwazimitsa kalekale. Iyezeni ndi mita. Ngati idakali ndi kanthu, itsitseni kudzera pa resistor kapena pa babu lakale lija lokhala ndi kawaya mkati, osati kuigunditsa ndi sikuludiraiva. Powerenga zilembo mphuno imakhala pafupi ndi bolodi ndipo chala chimangoyenda chokha, n'chifukwa chake ndayambira apa.

Tsukani, unikani, lembani

Chipangizo chimene chakhalitsa m'nyumba ya kumudzi chimabwera ndi fumbi la chilimwe, mwaye ndi ndowe za mphemvu. Sasani ndi mswachi wakale wouma, kenako pukutani msana wa IC ndi thonje lonyowetsa sipiriti. Musakande ndi lezala kapena nsonga ya mpeni. Ma IC akale ankadindidwa ndi inki yoyera, ndipo mukakanda inkiyo imachoka limodzi ndi litsiro. A masiku ano ambiri amalembedwa ndi laser, imene imangocheka timizere tosazama pa pulasitiki. Zilembo zoterezi sizifufutika, koma zimabisala.

Kuti zioneke, musaziunike kuchokera pamwamba. Kuwala kowongoka, makamaka flash ya foni, kumangonyezimira, IC n'kuoneka ngati sinalembedwepo kanthu. Gonekani tochi m'mbali, pafupifupi kulingana ndi bolodi, muziizunguza pang'onopang'ono. Pali malo amodzi pamene timizere tija timagwira mthunzi, dzina lonse n'kutulukira. Likakanabe, pakani fumbi la choko kapena kadontho ka phala loyera lija la pa heatsink (chitsulo chochotsa kutentha), mupukute ndi chala. Zoyerazo zimatsalira m'timizere mokhamokha. Pojambula musakankhire foni pafupi kwambiri, chifukwa chithunzi chimatuluka chachimbuuzi. Bwererani m'mbuyo pang'ono, mukulitse ndi zoom, mujambule kangapo tochi ili mbali zosiyana.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. 0 amafanana ndi O komanso D, 8 ndi B komanso 3, 5 ndi S, 2 ndi Z, 6 ndi G, 1 ndi I. Lembani m'kope mzere ndi mzere monga zilili pa IC, ngakhale zimene simukuzimvetsa, ndipo chilembo chimene mukuchikayikira muchilembe mzere kunsi. Lembaninso chiwerengero cha miyendo ndi nambala imene yasindikizidwa pa bolodi pambali pake, monga U3 kapena Q7. U ndi IC, Q ndi transistor kapena MOSFET, D ndi diode, ZD ndi zener. Kachilembo kameneka tikafunanso kutsogoloku.

Mwendo woyamba

Izi chitani musanaizule. IC ya mizere iwiri ya miyendo imakhala ndi kampata ka theka la bwalo mbali imodzi, kapena kadontho pakona, kapena zonse ziwiri. Ikani kampatako kumanzere, zilembo zikuyang'anani: mwendo woyamba ndi wa pansi kumanzere. Werengani kupita kumanja, mukafika kumapeto mukwere mzere wapamwamba n'kubwerera kumanzere, motsutsana ndi mmene mivi ya wotchi imayendera. Pa IC ya miyendo 8, wa nambala 8 umayang'anizana ndi woyamba. Mukatembenuza bolodi kuti muone kunsi, kumanja kumasanduka kumanzere, ndipo ambiri amasokonezekera pomwepa.

Pa ma IC a miyendo mbali zonse zinayi mungapeze timabwalo tiwiri kapena titatu. Tina ndi zipsera chabe za chikombole cha ku fakitale, totambalala ndi tosazama. Ka mwendo woyamba kawirikawiri kamakhala kakang'ono koma kozama. Mukakayika onani bolodi: pamakhala kadontho koyera, nambala 1, kapena bowo la mwendo woyamba limakhala pa kachitsulo ka makona anayi pamene ena onse ndi ozungulira. Jambulani IC idakali pamalo pake.

Mzere uti ndi dzina?

Amene anagulitsako fodya akudziwa kuti pa tikiti ya belo pamakhala manambala angapo, koma si onse amene akunena za mlimi. Pa IC n'chimodzimodzi. Pamakhala chizindikiro cha kampani, dzina la chipangizocho, nambala ya gulu limene chinapangidwira limodzi, nthawi imene chinapangidwa, nthawi zinanso dziko: MALAYSIA, TAIWAN, kapena mwachidule CHN, PHL, MYS, ndi MAR ya Morocco pa zina za ST. Mwa zonsezi chimene mukukagula ndi dzina. Nambala ya gulu ndi ya eni fakitale. Ma IC awiri ofanana ndendende amasiyana pa mzere umenewo, choncho musabweze katundu wabwino chifukwa choti mzere wapansi sukufanana ndi wa yakale. Ngati pa bolodi pali ma IC awiri kapena atatu a ntchito imodzi, aikeni pa chithunzi chimodzi: mzere umene sukusintha ndi umene mukuufuna.

Dzina kawirikawiri limayamba ndi zilembo ziwiri kapena zitatu, kenako manambala, kenako zilembo zina. Ligaweni patatu.

Zilembo zoyambirira zimanena kampani imene inayambitsa chipangizocho, kapena mtundu wake. LM inachokera ku National Semiconductor, NE ku Signetics, TL ndi SN ku Texas Instruments, MC ku Motorola, LA ku Sanyo, TA ku Toshiba, AN ku Panasonic, BA ku Rohm, KA ku Samsung, CD ku RCA. TDA ndi TEA ndi kalembedwe ka ku Ulaya, zambiri ndi za Philips ndi ST. Makampaniwa akhala akugulana ndi kusintha mayina. Gawo la Philips lopanga ma IC linasanduka NXP mu 2006, Texas Instruments inagula National mu 2011, ndipo mu 2016 ON Semiconductor inagula Fairchild, Microchip n'kugula Atmel. Ndiye musadabwe kuona LM pa IC yokhala ndi chizindikiro chija chojambulidwa mapu a dera la Texas.

Gawo loyambali ndi limene limalola kusinthana. NE555, imene Signetics inatulutsa mu 1972, mudzaipezanso ngati LM555 kapena KA555, ndipo zimalowana. 4558 ya m'mawufa imabwera ngati JRC4558, RC4558 kapena KA4558. TL494 ya m'ma inveta ndi m'ma power supply a kompyuta imalowana ndi KA7500, ngakhale manambala akusiyana kotheratu. Koma musazolowere: CD4017 imagwira pa 12V popanda vuto, pamene 74HC4017 malire ake ndi 6V.

Manambala apakati ndiwo salola masewera. TDA2030 ndi TDA2003 zili ndi thupi limodzi, miyendo isanu, ndipo munthu wotopa akhoza kuzisinthanitsa polemba uthenga. TDA2003 anaipangira wailesi ya m'galimoto, magetsi ake ogwirira ntchito sapitirira 18V. TDA2030 imafika 36V, TDA2030A 44V. Ikani ya m'galimotoyo mu wufa ya magetsi a pakhoma, mumve fungo. UC3842 ndi UC3843 zimasiyana nambala imodzi: yoyambayo sidzuka mpaka italandira 16V, yachiwiriyo imadzuka pa 8.4V. Mukaika UC3842 pa bolodi loyendera batire la 12V sipapsa kanthu, koma bolodilo limangokhala zii, inu n'kumasintha zipangizo zina zopanda mlandu mpaka dzuwa kulowa. LM358 ndi LM393 miyendo yake inakhala mofanana, koma LM393 ntchito yake ndi kuyerekeza magetsi awiri, osati kukulitsa.

Ma regulator a miyendo itatu, amene amatsitsa magetsi kuti akhale pa mlingo umodzi, ndi osavuta. Manambala awiri akumapeto ndi magetsi otuluka: 7805 imapereka 5V, 7812 imapereka 12V. Yoyamba ndi 79 ndi ya magetsi a negative ndipo miyendo yake ndi ina. Zilembo zikuyang'anani, miyendo ili pansi, kuyambira kumanzere, 7805 ndi polowera, ground, potulukira. 7905 ndi ground, polowera, potulukira. Chilembo cha pakati chimanena mphamvu: 78L05 imathera pa 100mA, 78M05 pa 500mA, yopanda chilembo imafika 1A kapena kuposerapo pang'ono. Ndipo 78L05 yaing'ono ija yokhala m'thupi la transistor inatembenuka, potulukira pali kumanzere.

Zilembo zakumapeto ndi zimene anthu amazisiya potuma, koma n'zimene zimabwezetsa katundu. Choyamba zimanena thupi. LM358N kapena LM358P ndi ya miyendo yolowa m'mabowo, LM358D ndi yaing'ono yogona pamwamba pa bolodi. R wa kumapeto kwa LM358DR amangonena mmene anazipakira ku fakitale, sakukukhudzani. Pa ma regulator ena mchira ndiwo magetsi: AMS1117 ilipo ya 1.8, ya 3.3, ya 5.0 ndi ya ADJ imene magetsi ake amasankhidwa ndi ma resistor awiri a pambali pake. LM2596 nayonso ilipo ya 3.3, ya 5.0, ya 12 ndi ya ADJ. Pa 1117 nambala imeneyi imakonda kukhala payokha pa mzere wapansi, nthawi zina yopanda kadontho, 33 m'malo mwa 3.3. Mukaika ya 5.0 pamalo pa ya 3.3 mu dekoda, mwawotcha processor, ndipo dekodayo yathera pomwepo. A wa kumapeto nthawi zambiri amatanthauza mtundu wokonzedwanso: TDA2030A ikhoza kulowa pamalo pa TDA2030, koma yopanda A musaiike pamalo pa ya A musanayeze magetsi a bolodi. Pa PC817, chilembo A, B, C kapena D chimanena kuchuluka kwa mphamvu imene imawolotsa. Mu chaja ndi mu power supply ndi bwino kubwezeramo chilembo chomwecho.

Palinso za kutentha. LM358 anailonjeza kugwira kuyambira 0 mpaka 70°C, LM258 kuyambira -25 mpaka 85°C. Kuzizira kotereku kuno sikutikhudza, koma mkati mwa bokosi la inveta, pansi pa malata, mwezi wa Okutobala, ine ndikapatsidwa mwayi wosankha ndimatenga yopirira kutentha.

Deti

Manambala anayi okhala paokha nthawi zambiri ndi chaka ndi sabata. 1834 ndi sabata ya 34 ya 2018, 2209 ndi sabata ya 9 ya 2022, ndipo awiri akumapetowo sapitirira 53. Texas Instruments imalemba mwamtundu wina: nambala yomaliza ya chaka, kenako mwezi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo A, B ndi C ndi Okutobala, Novembala ndi Disembala. Msampha ndi wakuti deti limatha kuoneka ngati dzina lodziwika. 2030 payokha ikhoza kukhala sabata ya 30 ya 2020, 1117 ikhoza kukhala sabata ya 17 ya 2011. IC ya miyendo 16 ikalembedwa 2030, dzina lake lili pa mzere wina.

Potuma, deti lilibe ntchito, koma pofufuza limathandiza kwambiri. Ngati ma IC onse a mu TV akusonyeza 2019, koma imodzi ikusonyeza 2023 ndipo solder yake ndi yamatope, wina anagwirapo kale. Mukafunsa kuti, "Bambo, inayamba yatsegulidwapo kwina?" ambiri amati ayi. Osalimbana nawo, koma IC imeneyo musakopere dzina lake mwachimbulimbuli, chifukwa mwina amene anakutsogolerani anaika yolakwika, ndipo n'chifukwa chake yapsanso.

Kabwalo kolembedwa e3 kapena e4, kapena Pb wodulidwa ndi mzere, kamanena kuti miyendo ilibe mtovu, potsatira malamulo amene anayamba ku Ulaya mu 2006. Bolodi la zipangizo zoterezi nthawi zambiri linawotchereredwa ndi solder yosungunuka cha pa 217°C, pamene ija ya mtovu imasungunuka cha pa 183°C. Onjezerani yanu pang'ono pa mwendo uliwonse, IC izuka osanyamula njira za pa bolodi.

Ma transistor ndi ma MOSFET amadula mayina

C945 dzina lake lonse ndi 2SC945, A1015 ndi 2SA1015, D718 ndi 2SD718, ndipo C5200 ndi A1943 za m'ma ampulifaya a pa maukwati ndi 2SC5200 ndi 2SA1943. Kumeneku ndi kalembedwe ka ku Japan: A ndi B ndi PNP, C ndi D ndi NPN, K ndi FET ya N-channel, J ya P-channel. Ku America 1N ndi diode, 2N ndi transistor. Ku Ulaya kuli BC547 ndi BD139. Pa C5200 ndi A1943 pamakhala O kapena R payekha, kunena gulu la mphamvu yake yokulitsa. Gulani zonse za chilembo chimodzi.

Tating'ono takuda tija timafanana thupi koma miyendo ayi. Mbali yafulati ikuyang'anani, miyendo pansi, C945 ndi emitter, collector, base. BC547 ndi collector, base, emitter. 2N3904 ndi S8050 ndi emitter, base, collector. Tonse ndi NPN, tikhoza kubwerekana ntchito m'malo ambiri, koma mupinde miyendo moyenera.

Ma MOSFET ambiri amanena mphamvu zawo m'dzina momwemo. 50N06 ndi 50A pa 60V, 7N60 ndi 7A pa 600V, ndipo N wapakatiyo ndi N-channel. Choncho 2N60 ya mu chaja si transistor ya kalembedwe ka ku America, ndi MOSFET ya 2A pa 600V. Lamuloli lili ndi pothera pake: P75NF75 ndi ya 75V, osati 750V, ndipo dzina lake lonse ndi STP75NF75, kampani inangodula ST. A IRF sanena kanthu m'dzina, mumachita kuwadziwa. IRFZ44N ndi 55V ndi 49A, IRF3205 ndi 55V ndi 110A, IRF740 ndi 400V ndi 10A. Mu inveta yaing'ono mumapeza mitundu iwiri, ya mbali ya batire ndi ya mbali ya 230V, yofanana thupi, yomangidwa pa heatsink imodzi. Werengani iliyonse payokha.

Tizipangizo ta zilembo zitatu

Apa m'pamene mutu umawawa. Kachipangizo kochepa ngati njere ya mpunga sikangakwanitse dzina lonse, ndiye amangolemba chidule. J3Y ndi S8050, 2TY ndi S8550, 1AM ndi MMBT3904, 2A ndi MMBT3906, A7 ndi ma diode awiri a BAV99, 662K ndi regulator ya 3.3V ya mtundu wa XC6206. A1SHB ndi MOSFET ya P-channel, A2SHB ya N-channel. M7 ndi 1N4007 yogona, SS14 ndi diode ya 1A pa 40V, SS34 ya 3A pa 40V. M'nyali za sola ndi m'ma power bank mudzaona 4056, yotchajira batire la lithium mpaka 4.2V, ndi DW01 ndi 8205A zimene zimaliteteza.

Vuto ndi lakuti palibe bungwe limene limagawa zidulezi. Kampani iliyonse imalemba zake, moti 1A ikhoza kukhala BC846A kapena MMBT3904. Mukafufuza pa intaneti mudzapeza mayankho asanu pa chidule chimodzi. Apa tengani kope lija. Bolodi likuti Q, D kapena U? Miyendo ndi ingati? Kakhala pafupi ndi chiyani? Ka miyendo itatu kolembedwa U, kokhala ndi capacitor mbali zonse ziwiri, mwendo umodzi pa ground, kameneko ndi regulator. Ka miyendo isanu kapena isanu ndi umodzi koyandikana ndi coil ndi kokweza kapena kotsitsa magetsi. Kolembedwa Q, kokhala ndi resistor pa mwendo umodzi ndi relay kapena nyali pa mwendo wina, ndi transistor yozimitsa ndi kuyatsa. Mukatero mayankho asanu aja amatsala amodzi kapena awiri. Ngati pa bolodi pali kena ka chidule chomwecho kamoyo, kayezeni ndi mita pa diode kuti mudziwe ngati ndi NPN kapena PNP. Zilembo zina za m'mphepete, zopendekeka kapena zokhala ndi timadontho pamwamba, nthawi zambiri ndi deti, pofufuza zisiyeni.

Ma IC osunga zinthu ndi a m'mafoni

24C02, 24C32 ndi 25Q64 ndi zosungira. Nambala yakumapeto ndi kukula kwake m'ma kilobit (ma bit 1024) pa 24C ndi m'ma megabit pa 25Q, ndiye gawani ndi 8: 24C02 ndi ma byte 256, 25Q32 ndi 4MB, 25Q64 ndi 8MB. Pa za Winbond yang'anitsitsani zilembo zotsatira. 25Q64FV ndi 25Q64JV ndi za 3.3V, 25Q64FW ndi 25Q64JW ndi za 1.8V, ndipo mukalumikiza ya 1.8V pa programmer ya CH341A, kachipangizo kolembera pulogalamu mu IC, popanda adapter yake mukhoza kuipha. Chachikulu n'chakuti dzina likhoza kufanana ndendende, TV osayaka. IC yatsopano imabwera yopanda kanthu mkati, ndipo chimene TV ikufuna ndi pulogalamu imene inali mu yakaleyo. Choncho musanatume, dziwani kumene mukapeze pulogalamuyo, ndipo lembani nambala ya bolodi lonse ndi ya sikirini. N'chimodzimodzi ndi ma microcontroller oyamba ndi PIC, ATMEGA kapena STM a m'ma inveta ndi m'ma controller a sola. Amenewa akapsa, njira yokhayo nthawi zambiri ndi bolodi lina la mtundu womwewo.

M'mafoni a itel, Tecno ndi Infinix, amene adzaza kuno, MT ndi MediaTek, SC ndi Spreadtrum imene pano imatchedwa Unisoc. SC6531 ndi MT6261 ndi za mafoni a mabatani. MT63 ndi SC27 zoyambirira zimasonyeza IC ya magetsi, monga MT6357 ndi SC2721, pamene za Qualcomm zimayamba ndi PM. Pa zimenezi mchira ufanane chilembo ndi chilembo. Zosungira za Micron zilibe dzina lonse pamsana, zili ndi chidule cha zilembo zisanu chimene mumakachimasulira pa webusaiti ya Micron.

Datasheet

Lembani dzinalo pa Google muwonjezere mawu akuti datasheet, chikalata cha kampani chofotokoza chipangizocho. Ngati silikutuluka, chotsani zilembo zakumapeto chimodzichimodzi, kapena sinthani chija munachilemba mzere kunsi: B akhale 8, O akhale 0. Simukufunika kuwerenga masamba onse, bandulo ndi yodula. Tsamba loyamba likuuzani ntchito yake. Chithunzi cha miyendo chikuuzani pamene pali magetsi ndi ground. Gawo la Absolute Maximum Ratings likuuzani malire, ndipo la Ordering Information kapena Marking, limene limakhala chakumapeto, limamasulira zilembo za mchira. Kenako tsimikizani pa bolodi: ngati datasheet ikuti mwendo wa 4 ndi ground, ikani mita pa kulira muone ngati ukugwiranadi ndi ground. Zikasemphana, mwawerenga molakwa. Sungani ma datasheet m'foni mu foda imodzi, chifukwa tsiku limene mudzawafune ku Chamama kapena ku Nkhamenya netiweki ikhoza kukana.

Kutuma ndi kulandira

Musatume pakamwa. Pa foni B, D ndi P amamveka chimodzimodzi. Tumizani pa WhatsApp chithunzi chija ndi dzina lolemba, chiwerengero cha miyendo, ndi kunena ngati ndi yolowa m'mabowo kapena yogona. Wotumidwayo ajambule imene akumupatsa asanalipire. Wogulitsa akati, "N'chimodzimodzi, achimwene, ingotengani," muuzeni adikire kaye, mutsegule datasheet ya zonse ziwiri.

Zafeki zachuluka, makamaka pa ma transistor a ampulifaya, ma MOSFET a inveta ndi TDA. Siyanitsani zinthu ziwiri. TDA2030A yokhala ndi chizindikiro cha UTC si yafeki, ndi kampani ina imene imapanga yakeyake n'kuikapo dzina lake. Yafeki ndi imene yavala chizindikiro cha eni ake mwakuba. Ena amapala msana wa IC yakale kapena yofooka, kupaka utoto wakuda, n'kudinda dzina lina. Pukutani ndi thonje la mankhwala ochotsera kyutekisi: likada bii, kapena zilembo zikachoka, yapakidwa. Msana wokhala ndi timikwingwirima tolowera mbali imodzi, kadontho ka mwendo woyamba kosazama ngati kaphwa, miyendo yokhala ndi zotsalira za solder, zonsezi ndi zokayikitsa. Deti nalonso limaulula. Chizindikiro cha Philips pa IC yosonyeza 2021 n'chosatheka, ndipo sabata ya 60 kulibe. Ma transistor akuluakulu ayerekezeni ndi yakale m'manja. Yafeki imakonda kupepuka ndipo chitsulo chake chakumbuyo chimakhala chopyapyala. Mukagula zambiri, phwanyani imodzi ndi pulayala muone kukula kwa kagalasi ka mkati poyerekeza ndi ka yakupsayo.

Zikakhala kuti sizikuwerengeka n'komwe

IC ikaphulika, kachidutswa kokhala ndi dzina kamauluka. Gwedezani bokosi pa pepala loyera musanasese, nthawi zambiri kamakhala momwemo. Wufa ndi ampulifaya zimakhala ndi mbali ziwiri zofanana, ndiye werengani inzake. Zikakanika, tengani nambala yosindikizidwa pa bolodi mufufuze chithunzi chake, kapena funsani anzanu a ntchitoyi. Mabolodi akufa amene ali pansi pa benchi za okonza mawailesi pa boma pano amayankha mafunso ambiri. Zilembo ziwiri zotsala, chiwerengero cha miyendo ndi malo a ground zimakwana kuzindikira IC zodziwika monga TL494 kapena SG3525.

Makampani ena amapala dala mayina a ma IC awo kuti anzawo asakopere, makamaka m'ma controller a sola otchipa. Palinso kadontho kakuda konga phula ka m'mawailesi aang'ono, m'marimoti ndi m'nyali zina. Pansi pake pali IC yopanda thupi, yomatidwa pa bolodi penipeni, ndipo sichotseka. Mukatsimikiza kuti vuto lili pamenepo, muuzeni mwini wake tsiku lomwelo kuti ndalama yokonzera aisunge, akagulire china.